Magazi a Kalisto Sanagone Pamsewu

"...ndiye musadere nkhawa, achimwene, tasesa bwinobwino. Ngakhale kadontho sikanatsale."

Kalisto Namakhwa anadzutsa mutu papilo. Linali tsiku lachiwiri ali m'chipatala cha mishoni, mwendo wakumanja uli m'chikhakha kuyambira pantchafu mpaka kuzala, ndipo mankhwala anali asanamuthere m'mutu. Anayesa kuti makutu amunamiza.

"Mwasesa chiyani, chemwali?"

"Msewu."

"Msewu uti?"

"Umene munagwerapo. Ulipo wina?" Elsie, mlongo wake wamkulu, ankayankha uku akumasula kansalu kamene anakulungamo chinangwa chophika. "Poyamba ndinapala ndi khasu pamene panali magazi, dothi lonse ndinawolera m'dengu. Kenako tinasesa, ine ndi mayi a Anjelina awa, kuyambira pamtengo wa mbawa mpaka kukamlatho."

"Ndi mizere ya matayala yomwe?"

"Zonse. Mukanaona mmene pakuwalira."

Miriam, mkazi wa Kalisto, anaima kumiyendo kwa bedi, mwana wawo Anjelina ali kumsana, maso ali pansi. Iye anali ataiwerenga kale nkhope ya mwamuna wake.

"Nanga njinga?"

"Ili kunyumba, taitsuka. Alamu anu a Vitalis awongola kale chitsulo chakutsogolo chija ndi nyundo. Akuti sichinavute n'komwe."

Kalisto anabwezera mutu papilo nayang'ana kudenga. Ku Bulawayo ngakhale wogulitsa nyuzipepala pakona amadziwa kuti pamalo a ngozi sugwira kanthu mpaka apolisi afike ndi choko ndi tepi yawo. Kuno abale ake, chifukwa chomukonda, anali atafafaniza tsiku limodzi lokha umboni wonse umene akanaima nawo pamaso pa boma.

Aliyense amene anasoketsapo malaya ku Chiradzulu m'zaka zimenezo akumudziwa Kalisto. Anabadwira kwa Nchema, naphunzira kusukulu ya mishoni mpaka Sitandade 3, ndipo asanakwanitse zaka makumi awiri anakwera sitima ku Limbe ndi bulangete limodzi. Ku Bulawayo anapeza ntchito yosenza mipukutu ya nsalu m'fakitale yosoka mayunifomu. Makina osokera anali mizeremizere, ndipo wokonza wake anali mkulu wina wa maso ofooka amene ankafuna munthu womuonera tizitsulo ting'onoting'ono. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri, Kalisto ankadziwa matenda a makina ndi khutu lokha, akali pakhomo.

Anabwerako mu 1953. Anzake ochokera ku Halale ndi ku Joni ankatsika ndi masutukesi, magalamafoni ndi zipewa za nthenga. Iye anatsika ndi bokosi la masipanala ndi njinga yamoto yakuda, yakalekale, imene anagula kwa mzungu wina wa panjanji. Nzeru yake inali iyi: pakhonde la sitolo iliyonse, kuyambira ku Njuli mpaka ku Namitambo, pali telala. Telala aliyense ali ndi makina. Makinawo akadwala, mwini wake ankawasenza pamutu mpaka ku Limbe, n'kukagona kumeneko mwezi wathunthu, telala akuyasamula. Kalisto anati ayi, sing'anga ndiye azipita kwa wodwala.

Ndipo ankapitadi. Lolemba ku Mbulumbuzi, kumene anakwatira Miriam. Lachiwiri ku Boma. Lachinayi mbali ya ku Mikolongwe. Masiku enawo kulikonse kumene uthenga wamuitanira. Atelala akangomva thu-thu-thu kuseri kwa phiri ankayamba kuchotseratu ulusi ndi kupukuta fumbi pamakina, kuopa kukalipiridwa. Anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Tiyi ankamwa chiimire. Moni wautali uja wofunsa mpaka nkhuku za kunyumba ankaudula pakati. Jekete lachikopa silinkachoka m'thupi ngakhale mu Okutobala, ndipo ankadandaula za chilichonse: mbuzi zogona pamsewu, anthu oyenda atayala mzere ngati akupita kuukwati, ndi madalaivala a malole amene ankayesa msewu ngati munda wa atsibweni awo. Akakumana ndi wokwera njinga yakapalasa ali mbali yolakwika, ankaima, n'kuzimitsa injini, n'kuyamba sukulu.

"Kumanzere, achimwene. Dzanja limene simudyera. N'chapatali chimenecho?"

Anthu anamupatsa dzina loti a Kumanzere. Iye analinyadira.

Ngoziyo inachitika Lachisanu lina mu Ogasiti 1956, dzuwa litangopendeka. Ankachokera ku Boma kukazonda mlongo wake. Pafupi ndi mudzi wakwawo msewu wafumbi umazungulira mtengo wa mbawa n'kutsikira kukamlatho, ndipo munthu suona chimene chikubwera. Kalisto analowa pokhotapo monga ankachitira nthawi zonse, pang'onopang'ono, atatsamira kungalande ya mbali yake. Lole yobiriwira inatulukira ili mbali yomweyo. Chimene anakumbuka ndi nyali yake yakumanja, ikukula ngati mbale. Kenako anali chagada, akuona nandolo wa m'munda wa eni ake akugwedezeka pamwamba pake, njinga ikulirabe payokha.

Dalaivala anali Bonifasio, bambo wa ana atatu wa ku Njuli, woyendetsa lole ya mwini sitolo wina wa ku Limbe. Ankadziwana ndi Kalisto: onse ankaimba mawu aakulu kutchalitchi pa zikondwerero. Bonifasio yemweyo ndiye anamunyamula m'manja, namugoneka pamatumba a mchere, nathamangira naye kuchipatala. Choncho lole inachokapo. Anthu a m'mudzi anakankha njinga, nayonso inachokapo. Ndipo Elsie anafika ndi khasu.

Kwa Elsie panalibe chokambirana. Magazi a munthu sagona pamsewu. Agalu anyambita, odutsa aponda, ndipo alipo ena amene amatola dothi lotere ndi zolinga zawo, bala n'kukana kupola. Komanso mwini magazi a mwamuna si mkazi wake ayi, ndi mlongo wake wa bere limodzi. Elsie anachita ntchito yake, ndipo anaichita mosasiya mbali.

Sajeni Kalinde wa ku Boma anafika kuchipatala tsiku lachinayi. Anakhala pampando wa pambali pa bedi, chipewa pabondo.

"Ndagwira upolisi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, bambo Namakhwa, koma msewu waukhondo chotere sindinauone. Munthu ukhoza kuyanikapo ufa."

Kenako anawerenga pepala limene Bonifasio anasainira, lolembedwa ndi kalaliki wa mwini lole. Linkati njinga yamoto inabwera pakati penipeni pa msewu, ikuthamanga ngati mphepo, ndipo lole inali mbali yake.

"Ine pakati? Ine?" Kalisto anafuna kudzuka, chikhakha chinamubweza. "Funsani telala aliyense m'boma lino. Funsani dzina limene amanditchula."

"Dzina ndikulidziwa. Koma woweruza safunsa maina a m'misika. Mnzanuyo ali ndi pepala, ali ndi bwana, bwanayo ali ndi inshuwalansi, inshuwalansi ili ndi loya ku Blantyre. Inu muli ndi chiyani?"

"Ndili ndi mwendo uwu."

"Mwendo sunena mbali imene unali."

Sajeniyo sanabise. Akapezeka wolakwa ndi Kalisto, laisensi ilandidwa, chipepeso cha inshuwalansi sichibwera, ndipo njinga idzafera kuseri kwa nyumba ya a Vitalis, nkhuku zikuikiramo mazira. Wokonza makina wopanda njinga, wa mwendo umodzi ndi theka, ndi munthu wongokhala pakhonde kudikira amene sabwera.

Patatha masabata atatu anamutulutsa, ndipo monga achitira odwala, anapita kukachirira kwa mlongo wake. Masiku oyamba sankalankhula ndi Elsie kupatula kupempha madzi. Anagona pamphasa pakhonde n'kusandutsa khondelo ofesi. Analemba kalata ku Boma. Analemba ina ku Blantyre. Anajambula pokhota paja kuseri kwa kalendala, kasanu, ndi timivi. Aliyense wobwera kudzamuzonda ankamufunsa ngati anaona, ndipo aliyense anali atamva kuphulika koma maso ali kwina.

Tsiku lina m'mawa kunamveka odi wa munthu wosabwera kudzacheza. Anali bambo wamfupi wa kabudula wa khaki, pensulo kukhutu, kabuku m'thumba la pachifuwa.

"Ndine Greyson, kapitawo wa msewu kuyambira ku Boma mpaka kukamlatho. Ndikufuna mayi amene anakumba msewu wa boma."

Elsie, amene ankapeta nandolo, sanadzutse mutu. "Kuno kulibe wokumba misewu."

"Mayi, mudzi wonse unakuonani. Zangonditengera masabata asanu kuti mmodzi atsegule pakamwa." Ananyowetsa chala natsegula kabuku. "Loweruka, pa 18 Ogasiti, m'mawa. Dzenje lokumbidwa ndi khasu pokhota pa mbawa. M'litali mapazi anayi. M'lifupi mapazi atatu. Kuya kwake chikhatho chimodzi. Kuchokera pangalande ya kum'mawa, phazi limodzi. Ndinakwirira ndekha, ndi manja angawa, n'kukhomapo chikhomo. Mukudziwa kuti mvula ikanabwera..."

"Bwerezani," anatero Kalisto.

Kapitawo anatembenuka. Anali asanamuone munthu wapamphasayo.

"Pomalizapo, akapitawo. Kuchokera pangalande iti?"

"Ya kum'mawa."

"Munthu akuchokera ku Boma, imeneyo ili dzanja liti?"

Greyson anatambasula manja ake onse, nawayang'ana, natembenuka pang'ono ngati akuyang'ana kukamlatho. "Lamanzere."

"Phazi limodzi?"

"Limodzi. Ine sindiyeza ndi maso, bambo, ndili ndi tepi."

Kalisto anagwira nsanamira nadzikoka mpaka kuima ndi mwendo umodzi, chinthu chimene asisitere a kuchipatala anamuletsa. Ankaseka, thukuta likutsika.

"Mayi a Anjelina, aphereni nkhuku akapitawo. Chemwali, apatseni mpando weniweni, osati kachitsa ako. Akapitawo, mlandu umenewu mwausuma kale?"

"Ayi. Ndimati tikambirane kaye. Ine si munthu wankhanza, mayiwa akangopepesa..."

"Asapepese. Kasumeni. Chonde kasumeni lero lomwe, kwa Sajeni Kalinde, ndi kabuku kanuko."

Greyson anakhala pampando pang'onopang'ono. Pa zaka zonse za ukapitawo wake anali asanalowe m'nyumba imene eni ake amapempha kusumiridwa.

Elsie anaika lichero pansi.

"Achimwene, ngoziyi inakugundani mwendo wokha, kapena ndi mutu womwe?"

"Mverani, chemwali. Inu munakumba pamene panali magazi, eti? Osati pena?"

"Ndikanakumbiranji pena?"

"Ndiye dzenje lanu ndi mboni. Likunena pamene ndinagwera. Akapitawo analiyeza asanadziwe za mlandu wanga, sanandikondere, sakundidziwa n'komwe. Chatsala n'chakuti inu muime pamaso pa sajeni munene kuti ndinakumba ndine."

"Kuti andimange."

"Sakumangani."

"Mukudziwa bwanji? Chaka chatha anatenga a Felista chifukwa chosaunda mizere mmene boma limafunira m'munda mwawo momwe. Munda wawo, khasu lawo. Nanga ine wa msewu wa boma? Ndakuchotserani magazi pamsewu, malipiro ake mundipereke kwa apolisi?"

Mawu amenewo sanali opanda pake, ndipo Kalisto anadziwa. Anakhala pansi. Kwa nthawi yoyamba chibwerere ku Bulawayo, analankhula pang'onopang'ono.

"Ndikapanda njinga ija, chemwali, ndatha. Sindingalime ndi mwendo uwu. Kubwerera kufakitale sangandilandire. Mudzandidyetsa inu mpaka imfa, ndipo mukundidziwa mmene ndimavutira ndikakhala malo amodzi."

"Masabata awiri okhawa ndatopa nanu kale," anatero Elsie. Anatola lichero napeta kawiri katatu. "Akapitawo, mukalembe dzina bwino. Elsie. Musakalembe Eluby, ameneyo ndi wa kutsidya, alibe mlandu."

Sajeni Kalinde anaitanitsa onse pokhota pa mbawa Lachitatu lotsatira. Kalisto anafika atakhala pakaliyala ya njinga yakapalasa, a Vitalis akukankha, chikhakha chitaloza kutsogolo ngati mfuti. Mudzi wonse unali pomwepo, ndi ena a midzi imene sinamve n'kuphulika komwe. Lole yobiriwira inaima pamthunzi, nyali yakumanja ili yatsopano. Bonifasio anatsika osayang'ana munthu. Pambali pake panali kalaliki wa mwini lole, wa malaya oyera ndi tayi, atanyamula chikwama cha mapepala.

Greyson anali ngati ali pa ukwati wake tsiku limenelo. Anapeza chikhomo chake m'mphepete mwa ngalande, natambasula tepi, nalemba dzenjelo pansi ndi ndodo, ngodya zonse zinayi, akutchula manambala mokweza ngati katekisimu. Elsie anaima mkati mwa malirewo, manja m'chiuno.

"Ndinakumba ndine. Pano. Mutu unali uku, mwendo uku."

Anthu anang'ung'udza mokondwa. Kuchokera pamene Elsie anaima, munthu akanatha kulavulira m'ngalande. Kalisto ankangogwedezeka pakaliyala, a Vitalis akulimbana ndi njinga kuti isagwe.

Kalaliki anatsokomola. "Asajeni, dzenje ndi dzenje. Amayi amakumba dothi lozirira nyumba tsiku ndi tsiku. Ndani angatsimikize kuti panali magazi?"

"Dothi lozirira, mumsewu?" Elsie anamuyeza kuyambira kutayi mpaka kunsapato. "Bambo inu, munazirapo nyumba chibadwire?"

Amayi anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Koma sajeni sanaseke.

"Funsolo ndi loona. Mayi, dothilo lili kuti?"

Phokoso linazima.

"Ndinakwirira."

"Kuti?"

"Kwathu. Pansi pa nthochi, kuseri kwa khola. Ndi dengu lomwe."

"Munali chiyani m'dothimo, kupatula magazi?"

"Ndinawola zonse. Timiyala, timagalasi."

"Magalasi a mtundu wanji?"

"Okhuthala, a mizeremizere."

"Nyali yanga sinasweke," anatero Kalisto msangamsanga. "Ili kunyumba, yathunthu. Kaoneni."

Greyson naye anakweza pensulo. "Ndipo dothi ndilizindikira, asajeni. M'mphepete muno ndi katondo wofiira. Pakati ndinathira miyala ya kuphiri mu Juni. Mundionetse dzanja limodzi lokha, ndikuuzani kumene linachokera."

"Basi," anatero sajeni. "Tikafukule."

Gulu lonse linatsika kanjira kopita kwa Elsie, koma phokoso lija linatsalira kumsewu. Aliyense ankadziwa chimene chinkakachitika. Chokwiriridwa chotere sachifukula. Kuli ngati kukumba manda a munthu amene akali moyo, iye ali pomwepo akuonerera. Amayi achikulire anaima patali, kuseri kwa nkhokwe. Miriam anatembenuza mwana kuti ayang'ane kwina.

A Vitalis anabweretsa khasu koma sanafune kuligwiritsa. Sajeni anayang'ana amuna amene analipo, ndipo aliyense anapeza chochita ndi zala zake. Elsie analanda khasulo.

"Ndinakwirira ndine, palibe wina agwire." Anaima pansi pa nthochi, pamene dothi linali lotukuka pang'ono, natembenukira kwa mlongo wake. Mawu ake sanalinso a mkangano. "Magazi ndi anu, achimwene. Bala lanu silinapole. Nenani nokha."

Kalisto anatsegula pakamwa kuti anene zimene akananena ku Bulawayo, kuti dothi ndi dothi. Koma mkati mwa chikhakha mwendo unayamba kugunda ngati ng'oma, ndipo anadabwa kupeza kuti zaka zisanu ndi ziwiri za m'tauni sizinafike kumene ankayesa kuti zinafika. Anayang'ana kuseri kwa nyumba, kumene chiwongolero cha njinga yake chinkaonekera pansi pa chiguduli.

"Kumbani, chemwali."

Elsie anadzilemba chizindikiro cha mtanda nakweza khasu. Silinatsike. Bonifasio anali atagwira mpini.

"Lekani, mayi."

"Bonifasio," anatero kalaliki, "iwe usalankhule kanthu, pepala lalankhula kale."

"Pepala silinawanyamule munthuyu, ndinawanyamula ndine." Bonifasio sanasiye mpini. Ankalankhula kwa sajeni koma maso ali panthochi. "Magazi amenewo anali m'manja mwanga, asajeni. Malaya a tsiku limenelo akazi anga anakwirira, nawonso. Asafukule. Ndinali mbali yawo. Mbali yanga pokhota paja pali mabampu, ndipo kumbuyo ndinanyamula mabotolo a mafuta a nyale. Akasweka abwana amakalipa. Ndimadula pamenepo nthawi zonse, tonse timadula. Tsiku limenelo panali munthu."

"Ukudziwa kuti ntchito yatha?" anafunsa kalaliki.

"Ndikudziwa."

Sajeni Kalinde anatulutsa kabuku kake. "Yambiraninso, pang'onopang'ono. Bambo a tayi, inu imani uko."

Mayi wina kuseri kwa nkhokwe anayamba nthungululu, anzake anamugwira pakamwa, kenako onse anailandira. Elsie anaponya khasu pansi nakhala padothi pomwepo, miyendo itatambalala, akupuma ngati wochokera kumtondo. Kalisto anafuna kulumpha pakaliyala, a Vitalis anamugwira m'chiuno.

"Alamu, mukathyola winawo ine sindikankhanso."

Bonifasio atamaliza kusaina anabwera pamene panali Kalisto, chipewa m'manja.

"Achimwene, ine..."

"Mumadula pokhota," anatero Kalisto. "Ndakhala ndikunena zaka zitatu. Lole yodzaza, pokhota posaoneka, munthu n'kumaganiza za mabotolo." Anayang'ana chikhakha chake. "Koma munandinyamula bwino. Asisitere anati mukanachedwa pang'ono, mwendo akanadula."

Mlandu wa msewu sunafe. Greyson anakana kuufafaniza m'kabuku, chifukwa dzenje linakumbidwadi. Anagwirizana kuti Elsie asenze miyala tsiku limodzi pamodzi ndi anthu a kapitawo, ndipo anasenzadi, akuwalangiza amunawo mmene ntchito yawo iyenera kugwiridwira mpaka iwo anapempha kuti aweruke msanga. Bonifasio anaweruzidwa ku Boma, nachotsedwa ntchito sabata yomweyo. Anakhala miyezi akulima, kenako anapeza lole ina ya fodya ku Thyolo. Kalata yomuchitira umboni analemba ndi Kalisto, ndipo m'kalatamo anaikamo zonse ziwiri, kudula pokhota ndi kunyamula.

A inshuwalansi sanafulumire. Makalata anapita, makalata anabwera. Chikhakha chinachoka mu Novembala, ndipo dokotala atayeza anapeza kuti mwendo wakumanja wafupika zala ziwiri. Anamuyezanso dokotala wa a inshuwalansi, napeza zala ziwiri zomwezo, ngati kuti mwendo ukanakula pomuopa. Nthawi yonseyi atelala ankabweretsa makina pamutu ku Mbulumbuzi, ndipo Kalisto ankawakonza pakhonde akuwakalipira kuti amathira mafuta ophikira m'malo mwa mafuta a makina.

Mu Epulo 1957 a inshuwalansi anamuitana ku Blantyre kukalandira chipepeso. Anakwera masitepe a ofesi ndi ndodo, nawerenga pepala lonse mpaka timalemba tapansi, kalaliki wa kumeneko akugogoda tebulo ndi chala, kenako anasaina. Laisensi inali m'thumba mwake, yopanda banga. Kuchokera kumeneko anapita molunjika kugalaja ya ku Limbe kumene njinga inali itagona miyezi iwiri. Makaniko anamuonetsa chitsulo chakutsogolo chimene a Vitalis anawongola.

"Anachita ndani izi?"

"Alamu anga."

"Amakukondani?"

"Kwambiri."

"Zikuoneka. Anamenya ndi mtima wonse. Chatsopano chichokera ku Halale, mundipatse masabata atatu."

"Awiri."

"Sitima si yanga, bambo."

Masabata atatu. Kalisto anatuluka m'galajamo akuwerenga m'mutu atelala amene adzayambire: wa ku Namitambo amene makina ake ankadumpha ulusi, wa ku Njuli wa lamba wodukaduka. Ankayenda mofulumira kuposa mmene mwendo unkafunira, phewa limodzi likutsika, likukwera. Pakhomo la msika anamva wina akuitana.

"Bambo a ndodo. Inu amene mukuyenda ngati mukuvina. Tabwerani."

Anali wosoka nsapato, atakhala pakati pa zidutswa za matayala akale.

"Wafupika ndi uti?"

"Wakumanja. Zala ziwiri."

"Zala za ndani? Zanga kapena za dokotala?" Anamuimika pathabwa, nalowetsa timatabwa pansi pa chidendene, kamodzikamodzi, mpaka mapewa analingana. Kalisto anaima chilili, wowongoka, kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu ndi itatu. Msika wonse unaoneka ngati wabwerera m'malo mwake.

Wosokayo anasankha tayala lokhuthala, nadula chidendene ndi mpeni wonyowetsa m'madzi, nachipala m'mbali mpaka chinasalala.

"Vulani ndikhomere."

"Osati pa izi. N'cha jombo yanga yokwerera njinga, ili kunyumba. Ndikakhoma ndekha."

"Mudziwa kukhoma?"

"Ndimakonza makina osokera, bambo."

"Ndiye mupinda misomali. Tengani isanu ndi umodzi, iwiri ndi yoti muononge."

Kalisto analipira, nakulunga misomali m'kapepala. Chidendenecho anachiika m'thumba la jekete, koma m'basi ya ku Zomba anachitulutsa katatu, akuchitembenuza, akuchinunkhiza, mpaka mayi amene anakhala naye anasuntha pang'ono. Anatsika pa Mbulumbuzi dzuwa likali pamwamba, nalowa kanjira ka m'minda ya chimanga chouma, ndodo kudzanja limodzi, kachidutswa ka tayala kudzanja linalo.